Ndisiye 600D yanga ndigule 6D, kapena ndingotaya ndalama?

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano? Ndithandizeni maganizo. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ndi Canon 600D, lensi yake ndi yomwe ija imabwerera limodzi ndi kamera, 18-55. Panja masana palibe vuto, makasitomala sadandaula. Koma tikangolowa m'holo nthawi ya perekani-perekani, zithunzi zimadzaza timadontho ngati mchenga, nkhope zimachita mbuu, anthu ovina amatuluka ndi manja osaoneka bwino. Pali munthu akugulitsa 6D ya kaunjika, wina ali ndi 80D, ndiye mphwanga wa ku Johannesburg akuti ndifatse andipezera RP, onsewo ndi a Canon. Ndaonerera zithunzi za makamera onsewa pa intaneti mpaka maso kuwawa, zonse zikungooneka zokongola. Kodi kusiyanako kumafika pa chithunzi chimene kasitomala amalandira m'manja?

Kamnyamata ka Sony: Gulitsani zonsezo mugule A7 III, nkhani yatha.

Nachithunzi: Iwe, munthu wafunsa zina iwe ukuyankha zina. Achimwene a ku Chilomoni, tisanathamangire kugula, tatiuzani: m'holomo mumajambula pa ISO yanji (mlingo womwe kamera imakwezera kuwala, ukakwera mchenga umachuluka), shata yanji (nthawi yomwe kamera imatsegula kuti kuwala kulowe), f yanji (kukula kwa bowo la lensi, nambala ikachepa bowo limakula)? RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona) kapena JPEG (yofinyidwa kale)?

Wa ku Chilomoni: ISO 6400 nthawi zambiri, 1/60, f/5.6 chifukwa lensi ndimaikoka mpaka 55mm. JPEG. Fulashi ndili ndi kakang'ono ka pakamera komweko, koma ndimakapewa chifukwa kamanyezimiritsa anthu pamphumi.

Nachithunzi: Ndiye pamenepo kamera mukuinamizira. Lensi imeneyo ikafika pa 55 ndiye yatsekeka mpaka f/5.6, kuwala kolowa n'kochepetsetsa, ndipo kamera ikukakamizika kukwera pa 6400 pomwe ndi pothera peni peni pa ISO yake ya masiku onse. Tiwerengere limodzi. Lensi ya f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza kanayi kuposa f/5.6. Kutanthauza kuti m'holo yomweyo, shata yomweyo, mutsika kuchoka pa 6400 kufika pa 1600. Ka 50mm f/1.8 kaja, kotchipa kuposa malensi onse a Canon, mukakatsegula konse kamalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi, ndiye ISO ifika cha m'ma 640. 600D pa 640 ndi yoyera bwinobwino.

Tsono yerekezani ndi zomwe 6D ingakupatseni. Sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera, ndi 36 x 24 mm, yanuyo ndi 22.3 x 14.9 mm. Kukula kwake n'kuwirikiza kawiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono, ndiye phindu lake pa mchenga ndi stop imodzi ndi kachidutswa. Stop imodzi ndiye kuti kuwala kwawirikiza kawiri. Lensi yokha ikukupatsani ma stop awiri kapena atatu pa mtengo wochepa kwambiri.

Madala a Studio ku Limbe: Mayi mwalasa. Ndiwonjezerepo chimodzi chomwe anyamata ogulitsa sakuuzani: 18-55 yanuyo ndi ya EF-S, mtundu wopangidwira makamera a sensa yaing'ono, pa 6D siilowa n'komwe. Kumbuyo kwake kunatulukira, galasi la mkati mwa 6D likhoza kuiomba, ndiye Canon anaipanga dala kuti isalumikizike. Mukagula 6D lero, Loweruka mupita ku ukwati ndi kamera yopanda lensi. Werengerani ndalama ya zinthu ziwiri, osati chimodzi.

Wa ku Chilomoni: Eee, nanga pa RP?

Madala a Studio ku Limbe: Pa RP ilowa ndi adaputa, koma kamera imadula m'mbali yokha n'kutsala ndi ma megapixel pafupifupi 10 mwa 26 omwe ili nawo. Mwagula sensa yaikulu kuti muzigwiritsa ntchito kapakati kokha.

Mkamwini wa ku Leeds: RP ndinakhala nayo. Ndi yopepuka, imagwira diso la munthu bwino, mitundu yake ndi yokoma. Koma batire lake, LP-E17, ndi laling'ono, papepala amati zithunzi 250. La 6D amati kupitirira 1000. Kuno sizivuta, koma kumudziko kumene magetsi akhoza kuzima Lachisanu usiku musanatchaje, ganizirani kawiri. Mungafunike mabatire odzaza thumba.

Mpoto Lensi: Ine ndikutsutsako pang'ono. Zonse mwanenazi n'za m'holo. Koma ntchito yathu yovuta kwambiri siili m'holo, ili pakhomo la tchalitchi 11 koloko mwezi wa Okutobala. Mkwatibwi wakuda bwino wavala diresi loyera mbee, mkwati ali mu suti yakuda, dzuwa lili paliwombo, m'maso mwachita mthunzi. Mukatsegulira nkhope, diresi lipsa, maluwa onse osokedwa pachifuwa aja atha, pangotsala choyera chopanda kanthu. Mukasunga diresi, nkhope ida. Pamenepo lensi ya f/1.8 siikuthandizani kalikonse. Chofunika ndi sensa yoti mujambule mosunga diresi, kenako pa kompyuta mukweze mithunzi popanda kutulutsa mchenga wofiira ndi wobiriwira pakhungu.

Sensa ya 18 megapixel ya Canon yomwe ili mu 600D yanuyo pa nkhani imeneyi ndi yofooka, tisabisane. Mukakweza mithunzi ndi ma stop awiri, patsaya pamayamba timizere. Ndipo 6D, ngakhale ndi yabwino mumdima, pa ISO 100 siinapite patali. Pa muyeso wa DxOMark, kampani yoyesa makamera, wa ma stop omwe sensa imasunga kuchokera pamdima kufika powala, 6D inapeza 12.1, pomwe Nikon D750 ya 2014 inapeza 14.5. Ma stop awiri ndi kuposerapo. Ine D750 ndimajambula mkwatibwi ali pansi pa mtengo wa mango kumbuyo kuli dzuwa, n'kubweza nkhope ndi thambo lomwe.

Kamnyamata ka Sony: Mwayamba kulalikira za Nikon tsopano.

Mpoto Lensi: Iwe unayamba ndi Sony, ndisiye. Ndipo ndikunena mokomera Canon yomwe: mwa atatu omwe achimwenewa atchula, yokweza mithunzi bwino pa ISO yotsika ndi 80D, osati 6D kapena RP. 80D inatuluka 2016 ndi sensa yamtundu watsopano. 6D Mark II ya 2017 anthu anaidandaula pa chifukwa chomwechi, kuti yatsopano koma mithunzi yake siinapose yakale, ndipo RP inatengera sensa ya mtundu womwewo. Ndiye "full frame" (sensa yaikulu ngati ya 6D ndi RP) si mankhwala a matenda onse.

Nachithunzi: Izo n'zoona, koma onani kuti mkuluyu akujambula JPEG. Mu JPEG mithunzi mukweza chiyani? Kamera yataya kale zambiri. 600D yomweyo ili ndi RAW ya 14-bit yomwe sanaigwiritsepo ntchito. Ayambe wayesa imeneyo aone pomwe ikulekezera. Komanso pakhomo la tchalitchi ine ndimayatsa fulashi masana omwe, pang'ono chabe, kuti ichotse mthunzi m'maso. Diresi limasungika, nkhope imawala, pa kompyuta palibe chokoka.

Madala a Studio ku Limbe: Ife tinkajambula maukwati ndi filimu ya zithunzi 36, ISO 200, osaona kanthu mpaka utakatsukitsa. Chomwe chinkatipulumutsa ndi fulashi ndi kudziwa poimika anthu. Sindikunena kuti tibwerere kumeneko, msana wanga sungalole. Koma nkhani ya ma megapixel ikundiseketsa. 600D imatulutsa 5184 x 3456. Pa 300 dpi (madontho 300 pa inchi), pomwe ndi pa muyeso wa magazini, chimenecho ndi chithunzi cha masentimita pafupifupi 44 x 29, ndiye kuti A3. A4 imangofuna ma megapixel osakwana 9. Facebook imachepetsa chilichonse kufika 2048 mbali yaitali, omwe ndi ma megapixel osakwana 3. WhatsApp ndiye imafinya koposa pokhapokha mutumize ngati document. Makasitomala athu ambiri amafuna alubamu, chimodzi chachikulu cha pakhoma pabalaza, zotsalazo pa foni. Ndani mwa iwo adzaone kusiyana kwa 18 ndi 26?

Ndipo chenjerani ndi "kukweza" kwabodza. Sensa ya 18 megapixel imeneyi Canon anaizunguza zaka zambiri: 550D, 600D, 60D, 650D, 700D, 1200D, 1300D mpaka 4000D ya 2018. Ndaonapo mnyamata akugulitsa 600D n'kuwonjezera ndalama kugula 4000D poti nambala yake ndi yaikulu. Chithunzi chomwecho, sikirini yosatembenuka, polumikizira lensi pa pulasitiki. Anatsika akuyesa wakwera.

Wa ku Chilomoni: Madala, mwandiopsa, chifukwa 4000D inalinso m'maganizo. Koma funso langa lija likadalipo. Ndiyerekeze bwanji ndekha? Zithunzi za pa intaneti zonse n'zokoma.

Mkamwini wa ku Leeds: N'zokoma chifukwa anajambula ndi malensi odula kuposa kamerayo, kuwala kosankha, munthu wodziwa, kenako n'kukonza. Mukuona luso la wojambula, osati sensa. Za pa YouTube ndiye musaziwerengere, kanema amafinya mchenga wonse n'kuusalaza.

Pitani pa webusaiti ya DPReview, ali ndi chida choyerekezera chomwe anajambula bolodi imodzimodzi ndi makamera ambirimbiri pa ISO iliyonse. Musankhe makamera anu, muike RAW, musankhe kuwala kochepa kuja kwa chizindikiro cha babu. Chachikulu: musayerekeze pa 100%. Pali batani loti zithunzi zonse zikhale pa kukula kofanana. Mukayerekeza pa 100%, kamera ya ma megapixel ambiri imaoneka ngati ili ndi mchenga wambiri pomwe mwangoikulitsa kwambiri kuposa inzake. Ndipo muyang'ane pamalo akuda ndi pankhope zakuda zomwe zili pabolodipo, osati pa zilembo zokha.

Nachithunzi: Chida chimenecho n'chabwino, koma bolodi siivina. Yeso yeniyeni ndi iyi. Uzani wogulitsa 6D uja mukumane madzulo, dzuwa litalowa. Tengani memori khadi yanu, makamera onse awiri amadya SD. Bwerekani 50mm f/1.8, chifukwa imalowa pa onse awiri. Pezani munthu wakhungu lakuda, avale malaya oyera, muimike m'chipinda cha babu limodzi. Jambulani RAW pa manual, shata imodzi, f imodzi, ISO 800, 1600, 3200, 6400 pa kamera iliyonse. Pa 6D musendere pafupi kuti munthuyo adzaze chithunzi mofanana. Kenako muuzeni ayende kubwera kwa inu, mujambule motsatizana, muwerenge zomwe zagwira diso.

Musaweruze pa kasikirini ka kumbuyo kwa kamera, kamanama. Kaoneni pa kompyuta, mutsukitse ziwiri pa A4, musalembe dzina kutsogolo, mupatse munthu wosadziwa za makamera asankhe.

Mpoto Lensi: Onjezani chimodzi: jambulani china mochepetsa dala kuwala ndi ma stop awiri pa ISO 100, mukachikweze pa kompyuta. Ndiye mudzamvetsa zomwe ndimanena.

Admin: Amene mukuponya malonda a ma memori khadi pansi pa nkhani ino, ndafufuta. Malonda ndi Lachisanu.

Wamavidiyo wa ku Area 25: Pepani kulowerera. Nkhani ya manja osaoneka bwino ija palibe waiyankha. Imeneyo si mchenga, ndi shata. 1/60 siingaimitse munthu amene akuvina akuponya ndalama m'lichero. Pamafunika 1/200 kupita m'mwamba, kapena fulashi yoti iwumitse. Mukagula 6D n'kukhalabe pa 1/60, manja adzakhala chimodzimodzi, kungoti opanda mchenga. China, mababu ena a LED a m'maholowa amaphethira motsatira magetsi athu a 50 Hz. Mukakweza shata kupitirira 1/100 mudzaona chithunzi china chachikasu, chotsatira chobiriwira, malo omwewo. 80D ili ndi anti-flicker yothana ndi zimenezo, 600D ndi 6D yoyamba zilibe.

Nachithunzi: N'chifukwa chake ine m'holo ndimadalira fulashi yapamwamba, Godox kapena Yongnuo, yotembenuka mutu. Mu tenti yoyera mumangoilozetsa kudenga, kuwala kumatsika kofewa ngati kwa pakhonde. Koma samalani ndi maholo a malata opanda siling'i, kuwala kumapita osabwerera, ndi matenti omwe okongoletsa akutira nsalu zapinki kapena zagolide mpaka kudenga. Mukawombetsa pamenepo aliyense atuluka wapinki, ndi apongozi omwe. Zikatero ndimaika fulashi pa sitandi ndi ambulera pambali pa malo ovinira.

Kamnyamata ka Sony: Chabwino, tsopano ndilankhule zenizeni. Nonse mukukamba mchenga ndi mithunzi, koma zithunzi zambiri zomwe timataya pa ukwati sitizitaya chifukwa cha mchenga, timazitaya chifukwa fokasi yaphonya. 600D ili ndi timadontho ta fokasi 9, kodalirika ndi kapakati kokha. 6D ili ndi 11, nayonso kapakati kokha, kungoti kameneko kamaona mumdima kwambiri. 80D ili ndi 45. A7 III ya 2018 ili ndi 693 ndipo imatsatira diso. Mukatsegula lensi pa f/1.8 monga akunenera achemwaliwa, malo ogwira fokasi amachepa kwambiri, mphuno ikhoza kugwira diso n'kuphonya. Chithunzi chamchenga kasitomala amalandira, chophonya fokasi salandira.

Nachithunzi: Apo wanena zanzeru, ukanayamba choncho. Ine 50mm sindiitsegula konse, ndimaisiya pa f/2.2 kapena f/2.5. Ndipo gulu la aperekezi musadzayese pa f/1.8, mzere wakumbuyo wonse udzasungunuka.

Madala a Studio ku Limbe: Chinanso pa 50mm: pa 600D imaona ngati 80mm. M'holo yodzaza mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda tebulo la keke. Ya ntchito zonse pa kamera imeneyo ndi Sigma kapena Tamron 17-50 f/2.8. Koma dziwani kuti amenewo anapangidwira sensa yaing'ono, tsiku lomwe mudzapite pa full frame adzakupatsani mdima m'makona. Ndiye sankhani msewu kaye. Ngati mtima uli pa full frame, gulani malensi a EF okhaokha, omwe anapangidwira sensa yaikulu, kuyambira pano. Ubwino wake, chitulukireni makamera opanda galasi, anthu akunja akugulitsa malensi a EF ambiri, ndipo adzagwirabe ntchito pa makamera a Canon opanda galasi a mtundu wa R, monga RP, ndi adaputa.

Mkamwini wa ku Leeds: Kuno alidi mbwee. Vuto ndi kwacha, chigwereni ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kuno chikafika kumudzi chimaluma.

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndabwera ndi zotsatira. Ndinachita monga ananenera achemwali a Nachithunzi. Tinakumana ndi mwini 6D uja madzulo, mlamu wanga ndiye anavala shati yoyera.

Pa ISO yofanana, 6D ndi yoyera, palibe kutsutsa. Pa 3200 khungu la mlamu pa 6D likuoneka khungu, pa 600D pali timadontho tofiira m'khosi ndi pansi pa chibwano. Mwa kuona kwanga 6D pa 3200 ikufanana ndi yanga cha m'ma 1000. Ndipo kadontho kapakati kaja kamagwira nthawi yomweyo pomwe yanga imayamba yasakasaka.

Koma chomwe chandidabwitsa ndi china. Ndinajambulanso ndi 600D yomweyo kawiri: koyamba ndi 18-55 pa f/5.6, ISO 6400 monga ndimachitira, kachiwiri ndi 50mm pa f/2.2, ISO 1000. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa 600D ndi 6D zonse zili ndi 50mm. Ulusi wa kolala ya shati ukuwerengeka. Nditatsukitsa pa A4 ndinapatsa mayi akunyumba zitatu. Cha 18-55 anachikankhira pambali osachedwa. Ziwiri zinazo anazitembenuzatembenuza, mapeto ake anasankha cha 600D, ati chifukwa mlamu anamwetulira bwino.

Za a Mpoto Lensi ndayesanso. Kukweza ma stop awiri, onse awiri akutulutsa zonyansa mumthunzi, 6D pang'ono, yanga kwambiri.

Mpoto Lensi: Ndinanena ine. Mukanayesa ndi 80D yomwe.

Wa ku Chilomoni: Mwini wake anapita kumudzi kumaliro, ndiyesa akabwera.

Madala a Studio ku Limbe: Shata ya 6D imeneyo yawomba kangati? Musagule musanaone. Canon anaiyeza kuti ifike 100,000, 5D Mark III 150,000. Zambiri zimapitirira, koma kamera yochokera kwa wojambula maukwati imakhala itayenda. Muoneninso sensa: jambulani khoma loyera pa f/16, fumbi ndi zokala zonse zidzaonekera. Ndipo muunikire tochi m'lensi iliyonse ya kaunjika, chinyezi cha dzinja chimameretsa nkhungu mkati.

Wa ku Chilomoni: Tinaiona pa laputopu, yadutsa kale muyeso umenewo, ndipo mtengo sakutsitsa. Ndiye pakadali pano 6D imeneyo ndaisiya. Nditenga 50mm ndi fulashi yotembenuka mutu, ndiyambe RAW, nyengo ya maukwati ino ithe. Yotsalayo ndisunga.

Nachithunzi: Mwachita bwino, koma ndisakunamizeni kuti 600D mukhala nayo mpaka kale. Chomwe chinandichotsa ine pa kamera ya mtundu umenewo si kukongola kwa chithunzi, ndi khadi imodzi. Memori khadi inandifera ukwati uli pakati, zithunzi za kutchalitchi zonse zili momwemo. Zina zinabwezedwa ndi pulogalamu, za kuvekana mphete sizinabwere. Kuyang'anizana ndi ankhoswe pa nkhani ngati imeneyo sindikufunira munthu. Ndipo onani kuti 6D, 80D ndi RP zonse n'za khadi imodzi. Mukadzasunga zokwanira, yang'anani 5D Mark III, yomwe imalemba pa makadi awiri, CF ndi SD, nthawi imodzi, kapena R6 ya 2020 ngati thumba lalola. 600D idzakhale yachiwiri paphewa.

Kamnyamata ka Sony: A7 III ilinso ndi makadi awiri, ndangodutsa.

Mpoto Lensi: D750 nayonso.

Wamavidiyo wa ku Area 25: Mukayamba RAW konzekeraninso malo. Fayilo imodzi ya 600D imadutsa 20 MB, ukwati umodzi udzadzaza khadi ya 16 GB musanafike ku holo. Ndipo laputopu ikhale yopirira.

Wa ku Chilomoni: Laputopuyo ndiye nkhani ina, ili ndi RAM ya 4 GB. Pa fulashi, nditenge ya manual kapena ya TTL, yodzisinthira yokha mphamvu? Kusiyana mtengo kwake si pang'ono.

Nachithunzi: Ya pa sitandi manual ikwana, chifukwa mtunda susintha. Ya pakamera yothamanga nayo pa perekani-perekani tengani TTL, anthu amayandikira ndi kutalikira mosalekeza, simungamasinthe mphamvu chithunzi chilichonse. Onetsetsani kuti ndi ya Canon, pa Godox dzina lake limathera ndi C. Mugulenso mabatire otchaja a AA, kapena mutenge ya batire lake lake ngati V860.

Madala a Studio ku Limbe: Mukaipeza mubwere nayo ku studio Lachitatu masana, kumakhala kopanda anthu. Mubwere ndi mlamu wanuyo ndi shati yake yoyera.